Kamba wa Mayi a ku Kitale

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. N'chifukwa chake Lachisanu lija ndinalawira kuchoka ku Utawala, m'thumba la jekete muli sikuludiraiva ndi chithunzi chimodzi chakale. Ndinkapita ku Kitale, kufupi ndi malire a Uganda, kukaona galimoto yakale yoti ndiigule n'kuidula. Woyenda naye anali munthu amene sindikanamusankha ngakhale anthu onse a mu Nairobi akanatha: alamu anga, a Kamwendo.

Mkazi wanga Eneless anamwalira zaka zinayi zapitazo, n'kundisiyira mwana mmodzi, Tadala. Chithunzi chimene ndinanyamula chinali cha tsiku la ukwati wathu ku Thyolo, ine ndi Eneless tili m'kagalimoto kofiira kopanda denga, ka anthu awiri, kamene apongozi anga anagula kwa mzungu wina wa ku esiteti ya tiyi. Tadala anakula akuchiyang'ana chithunzicho. Ndiye pa chinkhoswe chake chisangalalo chinandipitirira, ndinaimirira pamaso pa anthu n'kulonjeza kuti mu Disembala adzafika ku tchalitchi m'galimoto yonga yomweyo. Anthu anaomba m'manja, amayi analuluta. Alamu anangopinda manja.

Iwo ankadziwa kumene kagalimotoko kanapita. Tadala ndinamuuza kuti kanabedwa. Zoona zake n'zakuti apongozi atamwalira kanasungidwa kwathu ku Ndirande, ndipo chaka chimene ndinapeza ntchito ku Nairobi ndinakagulitsa kwa ogula zitsulo osafunsa munthu aliyense. Anakaphwanya n'kupangira mbaula. Eneless analira sabata yathunthu, ndipo mchimwene wake kuyambira pamenepo ankandipatsa moni wa pamaliro pokha.

Munthu wondichotsa m'manyazi ndinamupeza ku Kawangware. Dzina lake Wafula, fundi, ndiye kuti mmisiri, woumba mabodi a galimoto ndi faiba. Atachiyang'anitsitsa chithunzi anati akhoza kuumba kofanana nako, koma bodi imafuna pokhala. Pamafunika galimoto ina yoti ipereke chasisi, injini ndi mapepala. Bodi yake amaichotsa, pansi pake amadulapo kuti pafupike, kenako n'kuvekapo bodi yatsopano. Yoyenera ntchitoyi ndi timagalimoto takale tija tozungulira msana, ta injini kumbuyo, timene ine ndimangotitcha akamba.

Tinali titaona kale akamba awiri. Woyamba anali ku Lavington, wonyezimira moti ndinadziona nkhope pachitseko. Wafula sanayang'ane n'komwe penti. Anagona chagada, n'kubaya pansi ndi sikuludiraiva, ndipo inangolowa ngati mu mkate. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mwini wake anaitana mlonda kuti atitulutse chifukwa tamubowolera galimoto. Wachiwiri anali komweko ku Kawangware, pansi polimba bwino, koma nambala ya pachasisi inasiyana ndi ya m'logibuku, imene kwathu timati bulu buku. Wafula, amene amanditcha Mzee, kutanthauza mdala, anangoti, "Mzee, iyi ndi ndende," n'kunyamuka. Wachitatu Wafula anamumvera kwa mlamu wake: mayi wina wamasiye ku Kitale akugulitsa kamba wa malemu amuna awo.

Wafula sakanatha kusiya ntchito, choncho anandipatsa sikuludiraiva yake ndi malamulo atatu. Osakopeka ndi penti, ndigwade ndione pansi. Nambala ndiiwerenge ndekha, ndisauzidwe. Lamulo lachitatu analinena atandigwira dzanja.

"Mzee, musakanene kuti tikaidula. Munthu wosunga galimoto zaka zonsezi saiona ngati chitsulo. Mukagule, mukathokoze, mukachoke. Inu a Malawi ndimakudziwani, munthu akakufunsani nthawi mumayamba ndi kumene munagula wotchi."

Ndinaseka, koma zinandiwawa.

Alamu analowa mu ulendowu chifukwa cha Tadala. Ndi malume ake, ndipo mwa mwambo wathu ukwati wa mwanayu ndi wawo kuposa ine amene ndinamulipirira sukulu. Amagwira ntchito ku bungwe lina lalikulu, amakhala ku Lavington, ali ndi chigalimoto choti chikanatifikitsa ku Kitale dzuwa lili paliwombo. Nditawafunsa anayankha pa foni kuti, "Galimoto yanga sindikwezamo anthu ogulitsa magalimoto a eni ake." Motero tinakumana pa siteji m'tauni.

"Mwadzuka bwanji, alamu?"

"Ndadzuka, a Mbewe. Mwachedwa ndi maminitsi twente."

"Kunali jamu pa baipasi."

"Jamu inayamba lero?"

Ulendo unayamba choncho. Woitanira anthu anatigwira mikono n'kutilowetsa mu shatolo, minibasi ya maulendo ataliatali, akulumbira kuti kwatsala anthu awiri okha, wawili tu, ndipo tikunyamuka pompano, sasa hivi. Tinalipira mashilingi 1,500 aliyense, aliyense yake. Titakhala pansi, anthu atatu amene tinawapeza m'katimo anatsika mmodzimmodzi n'kukakhala mu shatolo ina yopanda anthu. Inali ntchito yawo, kukhala ngati okwera. Tinadikira maola awiri. Alamu anatenga mpando wa pazenera, anatsegula nyuzipepala mpaka tsamba lina linkandikanda pamphuno, ndipo nthawi ndi nthawi ankayang'ana wotchi kenako n'kuyang'ana ine, ngati kuti shatoloyo ndi ya bambo anga.

Womaliza kukwera anali mayi wina wonenepa wa ku Eldoret, atanyamula katoni ya anapiye. Malo oika panalibe. Anandiyang'ana, anamwetulira, n'kuika katoniyo pamiyendo panga. "Shika kidogo, baba," anatero, kutanthauza kuti ndigwire pang'ono. Pang'onopo panali makilomita mazana atatu.

Titadutsa Limuru kunagwa chifunga choti dalaiva ankayendetsa atatulutsa mutu. Anthu amati pamenepo pali chigwa chokongola, ine ndinaona nyali zofiira za lole basi. Mayi wa anapiye anandifunsa kumene ndikupita. Ndinayamba kumufotokozera bwinobwino: kuti ndine wa ku Malawi, ndinabwera chaka chakuti, ndili ndi mwana wamkazi, mayi ake anatisiya. Ndisanafike pa galimoto alamu anatsitsa nyuzipepala.

"Mwayamba malonje? Mayiwa akufunsani kopita, sanafunse mbiri ya moyo wanu."

"Kodi pakamwapa m'panu?"

"Pakanakhala panga pakanatsekedwa kalekale."

Anatero m'Chichewa, koma mayiyo anamva kuti pavuta, anangoti "pole", pepani wa kumeneko, n'kutembenukira kwina. Za malonjezo sindikana. Kwathu mlendo akapatsidwa mpando ndi madzi amafotokoza ulendo wake kuyambira pakhomo pamene wachoka mpaka pampando pamene wakhala, osadumpha kanthu. Bambo anga ankati wobisa malonje ndi wakuba kapena mfiti. Zaka khumi ndi zisanu za mu Nairobi, mzinda umene moni ndi "sasa" basi, sizinandichotse khalidwe limeneli.

Pa Gilgil tinaima ola limodzi ndi theka. Malole anali ndondondo kudikira sikelo, ndipo madalaiva anzeru zochuluka anatsegula mizere yawoyawo kumanja mpaka anakumana mphuno ndi mphuno ndi ochokera ku Nakuru. Panalibe woti abwerere. Dzuwa linatentha, anapiye analira, ndipo pansi pa katoni panayamba kunyowa. Thalauza langa la ku tchalitchi linalandira zonse. Ogulitsa yogati ankagogoda mazenera, alamu anagula botolo limodzi n'kumwa lonse akuyang'ana kunja.

Ku Nakuru dalaiva anatipatsa maminitsi khumi oti tidye, iye n'kutha maminitsi makumi anayi. Tinakhala matebulo osiyana. Ndikudya chapati ndi nyemba ndinatulutsa chithunzi chija kuti ndionenso mmene nyali zinakhalira, osadziwa kuti alamu aima kumbuyo kwanga.

"Mukuchigwira ndi manja a mafuta," anatero.

"Ndi chithunzi changa."

"Mchemwali wanga, galimoto ya bambo anga. Chanu pamenepo ndi suti, nayonso munabwereka."

Ndinafuna kuwagenda ndi mbale ya nyemba, ndikunena zoona. Chinandiletsa n'chakuti sutiyo ndinabwerekadi.

Tayala linaphulika tikukwera mapiri a ku Timboroa. Amene sanafikeko asamanene kuti amadziwa kuzizira. Tinatsika tonse n'kuima m'mphepete mwa msewu, mphepo ikulowa mpaka m'mafupa, ndipo apo m'pamene zinadziwika kuti jeke ya shatolo inatsala ku Nairobi. Dalaiva anaimika magalimoto asanu ndi awiri, yachisanu ndi chitatu ndiyo inaima. Mayi uja anandilamula kuti ndivule jekete ndifundike anapiye. Ndinavula. Ndinaima pamenepo ndi shati yokha, mano akugundana, alamu ali m'chijasi chawo cha ku Ulaya akudya chimanga chootcha.

"Bola anapiye mumatha kusunga," anatero.

Ndinalumbira mumtima kuti kuyambira pamenepo chilichonse chimene anganene kapena kuchita ndichita chosiyana nacho, ngakhale atati moto umaotcha.

Ku Eldoret mayi uja anatenga anapiye ake osathokoza n'komwe, ndipo ife tinauzidwa kuti shatolo yathera pomwepo ngakhale tinalipira mpaka ku Kitale. Anatigulitsa kwa matatu, minibasi wamba ya kumeneko, yodzaza kale, mmene ndinakhala pa kathabwa koika pakati pa mipando. Tinafika ku Kitale dzuwa litalowa, tinapeza malo ogona, zipinda ziwiri, chimodzi kumapeto uku china kumapeto uko.

M'mawa mwake tinakwera maboda awiri, njinga zamoto za kabaza, kupita kumunda kwa mayi ogulitsa galimoto, mtunda wa makilomita ngati asanu m'kanjira ka matope pakati pa minda ya chimanga. Dzina lawo anali Mama Nekesa, mayi wamtali wa imvi, woyenda ndi ndodo. Sanachedwe ndi zambiri, anatitsogolera ku shedi ya malata n'kuvundukula chinsalu.

Kamba anali wobiriwira, penti itafwifwa padenga. Ndinakumbukira Wafula, ndinagwada, kenako ndinagona chagada pafumbi. Ndinabaya pansi pa mpando wa dalaiva, sikuludiraiva inabwerera. Ndinabaya pansi pa batire, pamene asidi amadya, chitsulo chinalira ngo! Ndinabaya m'mbali monse mpaka mkono unatopa, osapeza pofewa. Ndinatukula mpando wakumbuyo, ndinapukuta fumbi n'kuwerenga nambala imodziimodzi, alamu atagwira logibuku. Zonse zinagwirizana. Mama Nekesa anapotokola kiyi, injini inatsokomola kawiri n'kuyamba kulira bwinobwino. Anati amuna awo anali aphunzitsi, anayenda nayo zaka makumi atatu, ndipo chimwalirireni iwo amailiza Lamlungu lililonse akabwera ku tchalitchi. Ankaigulitsa chifukwa maondo awavuta, akusamukira kwa mwana wawo ku Nakuru.

Mtengo tinagwirizana osakangana. Mtima wanga unasefukira ndi chimwemwe. Ndinamuona Tadala akutsika pa tchalitchi, ndinaona alamu akusowa chonena kwa nthawi yoyamba m'moyo wawo. Chotsala chinali kuthokoza n'kuchoka. Koma mayiwo anati, "Karibuni chai," ndipo anatilowetsa m'nyumba, anatipatsa mipando, madzi osamba m'manja, tiyi wa mkaka ndi mbatata. Atakhala pansi anatiyang'ana n'kufunsa m'Chingerezi chawo chaulemu kuti anthu a dziko lakutali tayenda bwanji, ndipo n'chiyani chatichotsa ku Nairobi konse kutsata galimoto yokalamba chonchi.

Mpando, madzi, tiyi, kenako funso limenelo. Pakamwa panga panatseguka pokha.

Ndinayamba ndi ku Utawala. Ndinanena za shatolo, za anapiye, za ku Timboroa, mayiwo akuseka mpaka kupukuta misozi. Ndinanena za Eneless, iwo anagwedeza mutu mwachisoni. Ndinatulutsa chithunzi n'kuwapatsa. Nditangotchula dzina la Wafula, alamu anandiponda phazi pansi pa tebulo, mwamphamvu ndithu. Lero ndikudziwa kuti ankandipulumutsa, kapena ndinene kuti ankapulumutsa ukwati wa mwana wa mchemwali wawo. Koma pa nthawiyo ndinakumbukira yogati, suti yobwereka ndi chimanga chootcha. Ndinati mumtima, munthu uyu sanditseka pakamwa m'nyumba ya eni. Ndinachotsa phazi n'kupitiriza, mokweza mawu. Ndinafotokoza mmene Wafula adzamasulire bodi, mmene adzadulire pansi kuti pafupike, mpaka ndinasonyeza ndi manja kutalika kwa chidutswa chochotsedwacho.

Mama Nekesa anali atasiya kuseka.

"Bodi yake mudzapita nayo kuti?"

"Imeneyo sitidzaifuna, mama."

"Mipando?"

"Ikhala ina, iwiri yokha."

Anayang'ana chithunzi nthawi yaitali. "Nanga iyi, ya pachithunziyi, ili kuti?"

"Inabedwa," ndinatero, monga ndinazolowerera.

Alamu anaika kapu pansi. "Sinabedwe, mama. Inali ya bambo anga. Awa anaigulitsa kwa ophwanya zitsulo, anapangira mbaula zophikira."

Mayiwo anaimirira ndi ndodo yawo. Anatenga kapu yanga, tiyi ali theka, anatenganso ya alamu, n'kuika pa thireyi. Anandibwezera chithunzi atachigwira ndi nsonga za zala.

"Ndiye munapha ya apongozi anu, tsopano mwakwera mapiri onsewa kudzapha ya amuna anga?"

Ndinayesa kukonza. Ndinati injini idzakhala yomweyo, idzalirabe, nambala idzakhala yomweyo. Kenako ndinachita chopusa chachiwiri, ndinati ndiwonjezera mtengo. Nkhope yawo inachita mdima.

"Mpando umene mukufuna kutaya ndi umene ndinakhalapo popita kukabereka ana anga onse anayi. Pa mpando womwewo ndinawagwirira mutu amuna anga tikupita kuchipatala ulendo womaliza. Mukuti muwonjezera? Tokeni."

Mawu amenewo safuna womasulira. Tinatuluka. Tili pabwalo tinamva loko wa shedi akutsekedwa, ndipo galu amene anatilandira ndi mchira pobwera anatiperekeza ndi mano mpaka pa geti.

Maboda tinali titawabweza. Mvula inayamba, ya madontho akuluakulu, ndipo tinayenda wapansi makilomita asanu aja, matope akumata nsapato mpaka kulemera ngati njerwa. Apo ndiye tinatukwanizana zenizeni, zaka khumi ndi zisanu zonse zinatuluka.

"Mwandiwonongera! Chinakutumani n'chiyani kunena za mbaula?"

"Ndinakupondani phazi, a Mbewe. Ndikanakupondani pakhosi?"

"Mukanangokhala chete!"

"Ndakhala chete zaka zingati? Pamaliro a Eneless ndinakhala chete. Pa chinkhoswe mukulonjeza mwana zinthu za bodza ndinakhala chete. Malonje anu mumanena zonse, anapiye, matayala, mbatata, koma mukafika pamene munalakwa mumadumpha. Galimoto ija bambo anandiphunzitsira kuyendetsa. Munandifunsa?"

"Inali itaola!"

"Munagwada kuiona pansi ngati mwachitira leromu?"

Sindinagwade. Sindinaiyang'ane n'komwe, ndinangoitana anthu a ngolo. Ndinayenda mpaka pa tala, madzi akutsika m'khosi, ndili ndi mkwiyo woti ndikanatha kuluma mwala, koma woti ndimukwiyire sindinkamudziwanso.

Pa siteji ya ku Kitale woitanira anatiuza kuti kwatsala anthu awiri okha. Tinakhala mu shatolo yopanda anthu, tili chinyowere, mpando umodzi wopanda munthu pakati pathu. Ndinaimbira Wafula. Anamvetsera, anapuma mozama, n'kuti, "Mzee, munanena, eti?" Anatinso kamba wina wolimba chonchija sangapezeke Disembala isanafike, ndipo wa ku Kawangware uja ndisamuganizire n'komwe.

Ndisanabweze foni m'thumba inalira. Anali Tadala. Ndinaisiya ilire mpaka inaleka. Posakhalitsa inalira ya alamu. Anayankha, "Tili bwino, mwana wanga, bambo ako ali pompano," kenako anandiloza nayo pachifuwa.

"Mulandireni. Mumupatse malonje onse ngati mwachitira kwa mayi aja. Koma lero musadumphe."

Ndinalandira. Tadala anafunsa mwachimwemwe ngati galimoto tayipeza. Ndinayamba ndi ku Utawala, chifukwa njira ina yoyambira sindiidziwa. Ndinadutsa Gilgil, Timboroa, shedi ya malata, tiyi wolandidwa. Kenako ndinabwerera ku Ndirande, n'kunena za ngolo, za ogula zitsulo, za mbaula, ndi za amayi ake akulira sabata yathunthu. Ndinati mu Disembala galimoto yofiira sikhalapo, ndipo ya pachithunzi ija panalibe wakuba wina koma ine. Woitanira anali akukuwa panja, wawili tu, wawili tu.

"Adadi," anatero Tadala, mawu ake ali ozizira, "amami anandiuza ndili fomu thu. Pa chinkhoswe paja ndinkaganiza kuti mwaimirira kuti munene zimenezo."

Kenako anawonjezera.

"Chithunzicho musachipinde. Mukafika muwapatse amalume, ndikachitenga kwawo."

Foni inaduka. Alamu anatambasula dzanja. Ndinawapatsa foni yawo, koma dzanja silinabwerere. Ndinapisa m'jekete, ndinatulutsa chithunzi, ngodya imodzi itanyowa, n'kuwapatsa. Anachipukuta ndi mpango, anachiika pakati pa nyuzipepala yawo, n'kutembenukira ku zenera. M'thumba mwanga munatsala sikuludiraiva ya Wafula, ndipo mpaka ku Nairobi inali kundibaya m'nthiti pa bampu iliyonse.